Thupi likudziwa koma likukana: za mantha, ma twisties ndi chipidigoli

Vidiyo ija ikangotulukanso pa Facebook kapena pa TikTok anthu amayambiranso kukangana ngati zachitika dzulo. Ndikunena ya Simone Biles, katswiri wa gymnastics wa ku America, pa 27 July 2021 ku ma Olympics a ku Tokyo. Anathamanga bwinobwino, nkuponda thabwa la masipuling'i, manja patebulo lodumphira lija, nkuuluka, koma mmalo mopota thupi kawiri ndi theka mmene anakonzera anangopota kamodzi ndi theka basi, nkutera modzandira ngati agwa chafufumimba. Majaji anampatsa 13.766, kwa iyeyo imeneyo ndi yochepa kwambiri, ndipo pasanapite nthawi anavala jekete nkuwauza anzake kuti sapitiliza. Sunisa Lee, Jordan Chiles ndi Grace McCallum anamalizitsa okha, timu nkutenga siliva.

Nde mkangano unayambira pompo. Ena ankati wathawa, ena ankati pulesha yamukulira, ena mpaka kunena kuti izi ndi zodzimvera chisoni chabe, munthu woti anatenga mendulo zagolide 4 ku Rio mu 2016 angaope bwanji chinthu chomwe wakhala akuchichita kuyambira ali kamwana? Funso limeneli silopusa ayi. Ndipo silikukhudza Biles yekha, likukhudzanso mnyamata uja amene waima pamchenga akufuna kumenya chipidigoli cha chambuyo, anzake akuwerenga mpaka katatu, manja akugwedeza ndithu koma miyendo yangoti gwa ngati yamera mizu. Chimachitika ndi chani kwenikweni mmutu ndi mthupi panthawi imeneyo?

Mantha ake alipo awiri, tisawaphatikize

Oyamba ndi mantha a chinthu chatsopano. Sunachitepo, thupi silikudziwa njira yake, nde ubongo ukukana kukutumiza chamutu kumalo komwe sukukudziwa. Amenewa ndi mantha olankhula zoona, ndipo kawirikawiri amachepa okha luso likamakula.

Achiwiri ndi ovuta kumvetsa chifukwa amagwira munthu pa chinthu choti anachidziwa kalekale. Makochi amati mental block, kutanthauza kuti luso lilipo, mphamvu zilipo, munthu sanavulale, koma china chake chatseka njira. Nthawi zina zimaoneka ngati kukanika kuyamba, munthu amathamanga nkukaima pathabwa, kapena amapinda mawondo nkudzukanso osadumpha, kubwereza mpaka misozi. Nthawi zina ndi zoopsa kuposa pamenepo, wanyamuka kale uli mmalere kenako osadziwanso kuti uli pati. Zimenezi a gymnastics amazitcha ma twisties chifukwa zimakonda kugwira pa kupota thupi, pomwe a trampoline ndi odumphira mmadzi ku Britain amati lost move syndrome, ngati kunena kuti luso lakusokera.

Biles anafotokoza yekha pa Instagram masiku omwewo, nkuika ndi mavidiyo akugwa chagada pa matiresi ofewa pa training. Anati samatha kusiyanitsa kumwamba ndi pansi, maganizo ndi thupi sizimayendera limodzi, ndipo anati zinamuchitikirapo kale koma pa zida ziwiri zokha mwa zinayi zomwe akazi amapikisanirapo, ulendo uno zinafalikira pa zonse zinayi.

Onani kusiyana kwake. Pa mantha oyamba aja, kuopa ndi komwe kumayamba. Pa achiwiriwa nthawi zambiri kusokera ndi komwe kumayamba, mantha amabwera pambuyo, ndipo amabwera ndi chifukwa chomveka chifukwa munthu waona yekha kuti thupi lake silikumumvera. Masewera ena alinso ndi zofanana nazo. A gofu amati ma yips, ndipo Eric Bristow yemwe anakhala katswiri wa dziko lonse wa ma darts maulendo 5 anafika pokanika kutaya kamuvi mmanja. Kungoti wa gofu dzanja likamukana amaphonya dzenje basi, wa chipidigoli amatera ndi khosi.

Uli mmalere, pansi umapadziwa bwanji?

Ubongo umadalira amithenga atatu. Woyamba ndi maso. Wachiwiri ali mkati mwenimweni mwa khutu, muli timachubu titatu tokhota tokhala ndi timadzi, mutu ukazungulira timadzi timeneti timakankha tinthu tonga titsitsi nkutumiza uthenga kuti tikuzungulira chakuti, liwiro lake ndi ili. Pambali pake pali timatumba tiwiri tokhala ndi timiyala tating'onoting'ono tomwe timauza ubongo komwe kuli pansi. Wachitatu ndi minofu ndi mfundo za mafupa, ndi zomwe zimakuuza pomwe pali dzanja lako olo utatsinzina. Madokotala amati proprioception.

Vuto ndi loti mapazi akangochoka pansi amithenga enawa amayamba kuperewera. Mapazi sakupondanso kanthu nde alibe chonena, timiyala tija munthu akakhala mmalere sitimva kulemera ngati mmene timamvera ataima, ndiye uthenga wa komwe kuli pansi umasokonekera, maso nawo akungoona denga, khoma, magetsi, zonse zikudutsa mwaliwiro. Chomwe chimatsala ndi kulosera. Ubongo umakhala unajambuliratu kuti ndikakankha chonchi, pakutha pa kanthawi aka pansi paoneka apa, nde umangofananitsa zomwe ukuyembekezera ndi zomwe zikubwera. Zikagwirizana munthu amamva kuti ali bwino. Zikasemphana olo pang'ono ndi pomwe amati ndasokera.

Kanthu kena kodabwitsa nkakuti chipidigoli cha chambuyo, chomwe anthu amachiopa kwambiri, ndi chomwe pansi umapaona usanatere. Cha chakutsogolo umatera osaona pomwe ukuponda. Koma ubongo suwerengera zakumapetozo, umangoona kuti poyambira penipeni akukuuza udziponye komwe kulibe maso, basi wakana.

Luso likakhwima limachoka mmaganizo

Chipidigoli choyambira poima sichikwana ndi sekondi imodzi yomwe. Wodumphira mmadzi kuchokera pa mamita 10 amakhala ndi masekondi osakwana awiri, nkukamenya madzi pa liwiro la makilomita pafupifupi 50 pa ola. Pomwe kuti diso lione chinthu, ubongo uganize, dzanja lisunthe, pamapita pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, ndipo kumeneko ndi kuyankha kophweka kopanda kusankha. Nde palibe mpata woti uzidziuza kuti pano ndipinde mawondo, pano nditambasuke. Ukamaliza kuganiza wafika kale pansi.

Mu 1967 akatswiri awiri, Paul Fitts ndi Michael Posner, anafotokoza kuti luso la thupi limadutsa masitepe atatu, poyamba umaganizira chilichonse ndipo umalakwitsa kwambiri, kenako umayamba kulumikiza zidutswa, mapeto ake zimangochitika zokha. Pa sitepe yomalizayi ntchito yambiri imakhala yasamukira ku zigawo za ubongo zomwe sizidikira kuti uziuze chochita, monga cerebellum yomwe ili kumbuyo chakunkhongo ndi timagulu ta mkati totchedwa basal ganglia.

Taganizani za mtsikana wozolowera kusenza ndowa yodzaza madzi. Akuyenda, akucheza, akutembenuka kuyankha moni, manja ali pansi, dontho osagwa. Khosi lake likuwongola timizere tambirimbiri iye osadziwa nkomwe. Ndiye wina amuuze kuti samalatu, anthu onse akukuyang'ana, usataye olo pang'ono. Amayamba kuganizira khosi, khosi limauma, mayendedwe amasintha, madzi aja nkuyamba kukhavukira. Luso silinachoke, koma maganizo alowerera ntchito yomwe anaisiya kalekale ndipo sakuidziwanso bwino. Wofufuza Rich Masters analemba za zimenezi mu 1992 ndipo Sian Beilock anadzazionetsa ndi anthu osewera gofu, kuti katswiri ukamupangitsa kuganizira kachidutswa kalikonse ka zomwe akuchita amayamba kulakwitsa, pomwe wongoyamba kumene kuganizira koteroko kumamuthandiza. Mankhwala a wophunzira ndi poizoni kwa katswiri.

Alamu ikalira pakati pa ulendo

Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, ntchito yake yaikulu ndi kuchenjeza za ngozi ndipo sikadikira kuti uvomereze. Kakangoona zofanana ndi zomwe zinakupwetekapo, adrenaline amathiridwa mmagazi, mtima kugunda, manja thukuta, mpweya kufupika, minofu kukungika. Timakonda kunena za kumenya kapena kuthawa koma pali yankho lachitatu, kuuma. Mnyamata woima pamchenga uja sikuti ndi waulesi kapena akufuna chidwi cha anthu, thupi lamanga mabuleki.

Atauma asananyamuke, bola. Choopsa ndi kusintha maganizo uli kale mmalere, ndipo apa pakufunika ka physics pang'ono. Mapazi akangochoka pansi, mphamvu ya kuzungulira yomwe wanyamuka nayo ndi yomweyo, sungaonjezere. Chomwe ungathe ndi kusintha liwiro lake, ukakumbatira mawondo nkudzipanga kampira umazungulira msanga, ukadzitambasula umazungulira pang'onopang'ono. Tsono munthu akachita mantha thupi limachita chani? Limatambasuka, manja kufunafuna pansi. Kuzungulira kumachedwa pa nthawi yomwe mutu uli pansi miyendo ili mmwamba. Nchifukwa chake makochi amanena kuti kuyesera mwatheka ndi koopsa kuposa kuchita ndi mtima wonse komanso kuposa kusachita kumene. Biles anatera ndi mapazi tsiku lija chifukwa cha zaka zambirimbiri za training, wina aliyense bwenzi tikunena zina.

Palinso msampha wina wa kachetechete. Ukaima nkubwerera osadumpha mtima umatsika, umamva kupepuka, ndipo kupepuka kumeneko ubongo umakutenga ngati mphotho nkulemba kuti kubwerera ndi komwe kwatipulumutsa. Ukabwerera maulendo 30 pa training imodzi ndiye kuti waphunzira kubwerera maulendo 30. Anthu ambiri amaganiza kuti kuima pamenepo ola lonse ukulimbana nawo ndi kulimba mtima, chonsecho ukungowadyetsa manthawo.

Zimayamba bwanji?

Sikuti pamakhala chifukwa chimodzi. Kugwa ndi kodziwikiratu, olo kungoona mnzako akugwa. Kwa ana a zaka za kutha msinkhu, thupi limatalika mwadzidzidzi, miyendo yatalika, kulemera kwasamuka, nde kulosera kuja ubongo unajambula kukugwira ntchito pa thupi loti kulibenso. Kutopa ndi kusagona. Kudumpha masitepe pophunzira, luso nkumangidwa pa maziko osalimba. Kuphunzira zinthu zofanana kwambiri nthawi imodzi, kupota kamodzi ndi theka lero, kawiri ndi theka mawa, mpaka njira zake kulowererana. Ndiye pali za kunja kwa jimu, maliro, mikangano ya kunyumba, kuopa kochi, kuopa kukhumudwitsa anthu. Ku Tokyo mabwalo anali opanda anthu chifukwa cha Covid, makolo a osewera sanaloledwe kupita, ndipo Biles ankanyamula dzina loti ndiye nkhope ya mpikisano onse.

Ya Tom Daley, wodumphira mmadzi wa ku Britain, ndiye inayamba ndi kanthu kochepa zedi. Pa fainolo ya mamita 10 ku London mu 2012, ma flash a makamera a anthu oonera anamuthobwa mmaso ali mmalere pa kudumpha kwake kopota thupi. Anadandaula, anamulola kubwereza, mpaka anatenga bronze. Koma kuchokera pamenepo kudumpha kumeneko kunasanduka chilombo kwa iye, ankachita mantha nako kwa zaka.

Nanga bwanji osangolimba mtima?

Apa mpomwe anthu amagawanika, ndipo mbali zonse zili ndi zomwe zimagwira. Ena amakumbutsa za Kerri Strug ku Atlanta mu 1996, yemwe anadumpha kachiwiri atavulala kale pakakolo, timu ya America nkutenga golide. Kwa iwowo masewera ndi amenewo, umapirira chifukwa cha anzako, ndipo amaopa kuti tikazolowetsa ana kusiya chinthu chikangowaopsa palibe amene adzaphunzire kanthu. Mfundo yomalizayi ili ndi choonadi chake, pa mantha a chinthu chatsopano aja pamafikadi nthawi yoti wakonzeka, zonse zili mmalo, chatsala ndi kungopita, ndipo palibe training yomwe ingachotse kugunda kwa mtima kwa ulendo woyamba.

Enawo amayankha ndi dzina la Elena Mukhina wa ku Soviet Union, katswiri wa dziko lonse wa 1978. Anathyoka mwendo mu 1979, anamufulumizitsa kubwerera asanachire bwino kuti akonzekere ma Olympics a ku Moscow, nkumamuphunzitsa Thomas salto, chipidigoli choterera pa manja ndi mapewa nkugubuduka, chomwe iye ankachiona kuti nchoopsa. Pa 3 July 1980 sanazungulire mokwanira, anatera ndi chibwano, nkufa ziwalo kuyambira mkhosi ali ndi zaka 20. Anamwalira mu 2006, ndipo chipidigoli chimenecho anadzachiletsa. Kwa a mbali iyi phukusi la moyo umasunga wekha, komanso amati kupirira ululu wa phazi ndi kusadziwa komwe kuli pansi ndi zinthu ziwiri zosiyana, choyamba mtima ungachigonjetse, chachiwiri mtima ulibe nacho chochita. Strug mwiniwakeyo anali mmodzi mwa omwe anamutumizira Biles mawu omulimbikitsa.

Mukaonetsetsa, magulu awiriwa nthawi zambiri akunena za mantha osiyana aja, wina akunena oyamba wina achiwiri, nchifukwa chake samvana.

Amatulukamo bwanji?

Njira yaikulu ndi yotopetsa ndipo siioneka bwino pa vidiyo, ndi kubwerera mmbuyo mpaka pomwe thupi likuvomera. Maziko ake anachokera kwa dokotala wa maganizo wobadwira ku Johannesburg, Joseph Wolpe, yemwe chakumapeto kwa zaka za mma 1940 ankayesa ndi amphaka omwe anali ataopa khola lina lake mpaka kukana kudya. Ankawadyetsa kaye mchipinda chosafanana ndi cha kholalo, kenako chofananako pang'ono, pang'onopang'ono mpaka anadzadyera mkhola momwemo. Lero njira yoyandikira chinthu choopsa sitepe ndi sitepe ndi yomwe madokotala amadalira kwambiri pa mantha osiyanasiyana, ndipo makochi abwino amachita zomwezo olo dzina la Wolpe sanalimvepo.

Pa chipidigoli cha chambuyo makwerero ake amakhala chonchi, kugubuduka chambuyo pansi, kudumpha molunjika mmwamba manja akutsogolera, kudumpha nkukagwera chagada pa mulu wa matiresi, kenako chipidigoli chenicheni mu dzenje lodzaza masiponji kapena utamangidwa lamba wa zingwe mchiuno, kenako ndi anthu awiri okugwirizira, kenako mmodzi, kenako dzanja lake likungokukhudza kumsana, kenako wangoima pafupi osakugwira, kenako wasuntha sitepe imodzi. Ambiri amafunsa wophunzira kuti mantha ako ali pati kuyambira 0 mpaka 10. Ngati ali pa 9 sitepeyo yakula, ifunika kuidula pakati. Ngati ali pa 0 palibe chomwe akuphunzira. Pofunika ndi pakatikati, pomwe mtima ukugunda koma thupi likupitabe, nde ubwereze mpaka zitayamba kukubowa. Kuboweka ndi chizindikiro chabwino kwambiri pa nkhani imeneyi, kumatanthauza kuti alamu yasiya kulira.

Lamulo lina lomwe makochi ambiri amaika ndi la kubwerera kuja. Ukabwerera kawiri kapena katatu, osakakamiranso, tsika sitepe imodzi, chita yomwe ukutha, tsiku lithe thupi likukumbukira kupita osati kuima. Ndipo osaima nthawi yaitali ukuyang'ana, chifukwa masekondi aliwonse omwe waima maganizo akupeza mpata wolowerera. Puma, werenga, pita, kapena choka pamalopo ukayambirenso.

Nanga maganizo uwaike pati poti sungangowazimitsa? Apatse ntchito yaing'ono. Kafukufuku wa Gabriele Wulf waonetsa mobwerezabwereza kuti kuika chidwi pa chinthu cha kunja kwa thupi kumathandiza kuposa kuganizira ziwalo. Mmalo moti ndiwongole mawondo, nditambasule zigongono, umangoti kankha pansi, kapena yang'ana chizindikiro chija pakhoma mpaka chisowe. Mawu amodzi kapena awiri basi, omwewomwewo ulendo uliwonse, ena amangoti mmwamba, gwira, ona. Kupuma nako kuli ndi ntchito yeniyeni, ukamatulutsa mpweya pang'onopang'ono motalikitsa kuposa mmene unaukokera mtima umatsika liwiro. Sikuti mantha atha, koma atsika mokwanira kuti miyendo imvere. Kudzionera mmaganizo ukuchita bwino, kapena kuonera vidiyo yako yakale, kumadzutsa zina mwa zigawo za ubongo zomwe zimagwira ntchito ukamachitadi, kungoti munthu amene wagwidwa block kawirikawiri akatsinzina amadziona akugwa, nde olo kumeneko amayambira pa sitepe yophweka.

Za kochi kapena mnzako wokugwirizira ndinenepo mosabisa, chinyengo chija chomati ndikugwira kenako nkuchotsa dzanja mwakabisira kuti umuonetse kuti akutha yekha, chimagwira kamodzi, kenako mwanayo sadzakukhulupiliranso ndipo ulendo uliwonse theka la maganizo ake lizikhala pa dzanja lako. Kukalipa, kuchititsa manyazi pagulu, kuopseza kuti uchotsedwa mu timu, zonsezi zimangoonjezera ngozi yachiwiri pamwamba pa yoyamba. Ndipo ngati gwero lake lili kunja kwa jimu, matiresi okha sangathetse, pamafunika munthu wodziwa za maganizo.

Mantha akale safufutika, amangopitiliridwa

Ichi anthu ambiri sachidziwa nde amataya mtima. Ofufuza monga Mark Bouton anaonetsa kuti ukagonjetsa mantha ubongo sufufuta chikumbukiro chakalecho, umalemba china chatsopano choti pano ndi pabwino, ziwirizi nkumapikisana. Chatsopanocho chimakonda kumamatira ku malo omwe unachiphunzirira. Nde ukasintha jimu, ukapuma mwezi, ukadwala, ukafika pa mpikisano, chakale chija chimatha kudzukanso. Sikuti wabwerera pa ziro, kawirikawiri ulendo wachiwiri makwerero umawakwera msanga, koma nchifukwa chake luso likabwerera umayenera kulichita mmalo osiyanasiyana, nthawi zosiyana, pamaso pa anthu osiyana.

Bryony Page wa trampoline ku Britain anagwidwa ndi lost move syndrome ali wachichepere mpaka kuyambiranso zinthu za ana, koma anadzatenga siliva ku Rio, bronze ku Tokyo, golide ku Paris mu 2024. Daley njira yake inali ina. Ndi kochi wake Jane Figueiredo, mayi wobadwira ku Zimbabwe, anasiyiratu kudumpha komuvuta kuja nkukonza kwina kwatsopano komwe anakutcha firework, ndipo golide anadzamupeza ku Tokyo limodzi ndi Matty Lee. Kusiya luso limodzi si kusiya masewera.

Biles anachita zonse ziwiri. Ku Tokyo komweko ankapita mwakachetechete ku jimu ya Juntendo University komwe kunali poterera pofewa, ndipo pa 3 August anabwerera pa mtanda wopapatiza uja wa masentimita 10, atasintha chipidigoli chotsikira nkuika chopanda kupota thupi, nkutenga bronze. Kenako anapuma zaka ziwiri, akuonana ndi dokotala wa maganizo. Atabwerera mu 2023 anabwera ndi kudumpha kovuta kuposa kwina kulikonse kwa akazi, Yurchenko double pike, koma taonani, ku mpikisano wa dziko lonse ku Antwerp kochi wake Laurent Landi anaima pa matiresi pafupi ndi poterera, ndipo malamulo a nthawiyo ankadula theka la pointi kochi akaima pamenepo. Analolera kudulidwa. Katswiri woposa onse anali pa sitepe ija ya wangoima pafupi osakugwira. Mu 2024 Landi anachokapo, ku Paris Biles nkutenga magolide atatu ndi siliva imodzi.

Nanga kopanda dzenje la masiponji?

Kwathu kuno ambiri chipidigoli amaphunzirira pamchenga wa kunyanja kapena kudambo, pa mulu wa utuchi, tayala lakale likugwira ntchito ya thabwa la masipuling'i, mphunzitsi ndi mnzako wamkulupo pang'ono kapena YouTube. Malo okhala ndi matiresi ndi anthu ophunzitsidwa kugwirizira alipo koma ndi owerengeka, monga Circus Zambia ku Lusaka yomwe anayambitsa ndi anyamata a ku Chibolya, kapena Zip Zap ku Cape Town yomwe inayamba mu 1992. Vuto la kuphunzira kopanda zida sikuti ndi kuuma kwa pansi kokha, ndi loti masitepe apakati aja kulibe, munthu amachoka pa kugubuduka nkulunjika pa chipidigoli chathunthu, anzake akukuwa kuti usakhale wamantha, foni ili mmwamba ikujambula. Pamenepo mantha akamakana amakhala akuwerengera bwino kuposa gulu lonselo. Mchenga wonyowa ndi wolimba kuposa mmene umaonekera, matiresi ogonera amodzi sateteza khosi, ndipo madzi osaya avulaza anthu ambiri odumphira chamutu. Wogwirizira naye ayenera kukhala wodziwa poika manja komanso wamphamvu zokwanira kukunyamula, osati aliyense amene ali pafupi.

Okonda mpira timasangalala tikaona zipidigoli za Aubameyang kapena zija za Lomana LuaLua akagoletsa, koma mu October 2014 Peter Biaksangzuala, wosewera wa zaka 23 ku Mizoram mdziko la India, anatera molakwika pokondwerera chigoli, anavulala msana ndipo anamwalira patapita masiku asanu.

Chizungulire chomwe chikupitilira olo utasiya kuzungulira, kapena chobwera utamenyetsa mutu, kapena khutu likuwawa, chimenecho si mental block, ndi nkhani ya kuchipatala. Ndipo wina akagwera mutu kapena khosi nkumadandaula kuwawa kwa khosi, dzanzi mmanja kapena mmiyendo, kufooka, kusanza, kusokonezeka, musamudzutse, musamukoke khosi kuti muliwongole, musamukhazike pa kabaza. Mmodzi agwire mutu kuti usasunthe, ena aitane thandizo, ndipo ngati palibiretu kuchitira mwina koma kumunyamula, agone pa chinthu cholimba chathyathyathya monga chitseko, anthu angapo amusunthe nthawi imodzi, mutu, khosi ndi msana zili pa mzere umodzi mpaka kukafika kuchipatala.